Khoma Limene Bambo Anamata

Ligowe,
Neno.
18 Sepitembala, 2024.

Okondedwa achimwene a Benedict,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Ndapatsira a Mailesi, amene akukakwera basi ya ku Joni pa Zalewa Lachisanu likudzali, ndipo ndawapempha kuti akakupatseni m'manja, asakasiyire munthu wina. Mudabwa kuti ndalemba papepala chikhalirecho timalankhulana pafoni Lamulungu lililonse. Chifukwa chake n'chakuti mukaimba, amayi amakhala pambali panga khutu lili pafoni, ndipo zimene ndikufuna kukuuzani iwo sindinawauze.

Ndakhala ndikukuuzani kuti bambo anagwa kuchigayo mu Julayi, kuti anagonekedwa m'chipatala masiku asanu ndi limodzi, ndi kuti akupezako bwino. Ziwiri zoyambazo n'zoona. Chachitatucho ayi. Bambo akuiwala. Anayamba ndi tinthu ting'onoting'ono, tsopano afika poiwala anthu. Ndalemba kuti mubwere asanakuiwaleni. Ndalembanso kuti mudziwe chimene chinawagwetsa, pakuti si kuthamanga kwa magazi monga amayi akuuzira anthu kutchalitchi.

Munabwerera ku Joni mgolo uja tisanaumalize, choncho ndiyambe ndi kukufotokozerani mmene umagwirira ntchito. Ndi migolo iwiri yachitsulo, wina mkati mwa unzake, imene a Gerishon owotcherera zitsulo ku boma anatilumikizira. Timathiramo zitsononkho zouma ndi makoko a nandolo n'kuyatsa, koma mpweya timaupatsa wochepa kwambiri. Moto ukamanidwa mpweya suyaka malawi. Zitsononkho zimangopsa ndi kutentha n'kumatulutsa gasi. Gasiyo amadutsa m'madzi ndi mu utuchi kuti asiye phula ndi mwaye, kenako amalowa mu injini ya chigayo. Dizilo amangofunika wochepa. Chaka chatha, pamene mafuta ankasowa ndipo zigayo zina zinaima, chathu chinkalira tsiku lililonse kupatula Lamulungu.

Mukudziwa chimene ndinayambira zonsezi. Bambo anakhala zaka makumi atatu akuwotcha makala m'mapirimu, chifuwa chawo chinali chitayamba kulira ngati chitseko chakale, ndipo a zankhalango anali atawalanda njinga kachiwiri. Ndinkafuna atsike kuphiri. Tsiku limene ndinawafotokozera koyamba, ndinajambula mgolowo pansi ndi kamtengo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anaseka.

"Aphunzitsi," anatero, pakuti ndimo amanditchulira chiyambireni ntchito kusekondale, "ndiye zaka zinayi zonse zija ku koleji ankakuphunzitsani kuwotcha makala?"

"Si makala, bambo. Ife tikufuna utsiwo."

"Eya. Ine ndimataya utsi n'kutola makala, inu mukutaya makala n'kutola utsi. Uvuni ndi womwewo. Ukausiyira mpata mphepo n'kulowa, mawa ukolola phulusa."

Sanalakwitse. Pa anthu onse amene ndinawaonetsa mgolowo, kuphatikizapo aphunzitsi anzanga, palibe amene anaumvetsa msanga ngati bambo. Ankangoika dzanja pachitsulo n'kundiuza kuti moto watsikira mbali imodzi, ndipo ndikayeza ndi chipangizo choyezera kutentha chimene munatitumizira, ndinkapeza kuti n'zoona.

Chimene ine ndinkachifunitsitsa ndi haidrojeni. Gasi wa mumgolo ndi wosakanikirana, ndipo mwa zonse zili mmenemo haidrojeni ndiye amayaka bwino, osasiya china koma madzi. Ndinawerenga kuti ukalowetsa nthunzi pa makala oyaka a mkatimo, nthunziyo imasweka n'kuwonjezera haidrojeni. Ndinakulunga paipi yamkuwa kuzungulira mgolo, madzi n'kumadontha kuchokera mundowa, dontho limodzilimodzi. Zinanditengera miyezi isanu kuti ndipeze muyeso wake. Lawi la papaipi yoyesera linasintha, linasiya kufiira n'kukhala lobiriwira motuwa, loti masana sulionanso bwino. Bambo analitcha moto wamanyazi. Azimayi obwera kudzagayitsa ankawapempha kuti awaonetse, iwo n'kumayatsa kaudzu pamalo pooneka ngati palibe kanthu.

Tsopano ndinene chimene sindinauze munthu. Gasi yemweyo amakhalanso ndi mpweya wina wotchedwa kaboni monokisaidi, wochuluka pafupifupi ngati haidrojeniyo. Injini imaudya bwinobwino, koma kwa munthu ndi poizoni. Ulibe fungo, ulibe mtundu, suwawa m'maso ngati utsi. Magazi amaukonda kuposa okosijeni kopitirira ka mazana awiri, ndipo akaugwira sausiya msanga. Munthu satsamwa ayi. Amangomva mutu, miyendo kulefuka, kenako tulo. Zimenezi ndimaphunzitsa ana a Fomu 3 chaka chilichonse, ndipo amazilemba pamayeso.

N'chifukwa chake pomanga kanyumba ka chigayo ndinauza mmisiri kuti asiye mipata isanu ndi itatu m'khoma, inayi m'munsi, inayi m'mwamba, uliwonse wa njerwa ziwiri. Atandifunsa ntchito yake bambo ali pomwepo, ndinayankha kuti ndi yoti m'kati muziwala. Sindinanene zoona chifukwa amayi anavomera za mgolo pa mfundo imodzi yokha, yoti ukuchotsa bambo mu utsi. Ndikanatchula mawu oti poizoni, amayi akanakana, ndipo bambo akanabwerera kuphiri. Ndinawerengera papepala n'kupeza kuti mipata isanu ndi itatu ikwanira, ndipo inkakwaniradi. Kumbukiraninso kuti chaka chatha munandifunsa pafoni ngati pali china chofunika kuti mutumize. Ndinkadziwa kuti kuli kachipangizo kakang'ono kokoloweka pakhoma kamene kamalira kakamva mpweya umenewu. Ndinakuyankhani kuti palibe, chifukwa mukanafunsa kuti n'kachiyani, ndipo amayi anali pambali panga.

Bambo ndinawapatsa malamulo awiri, ndipo ndinkawabwereza mpaka anayamba kundiyeserera mawu. Loyamba, zitsononkho zisanyowe, chifukwa zonyowa zimaziziritsa moto n'kubweretsa phula lotseka injini. Lachiwiri, mphepo isalowe pomwe siikufunika. Malamulo onsewa ndi olondola. Onsewa ndi amenenso wowotcha makala aliyense amawadziwa asanamere ndevu.

Mu Julayi anandituma kukayang'anira mayeso a Fomu 4 kumunsi, cha ku Lisungwi, ndipo kunyumba ndinkabwera Loweruka lokha. Kumtunda kuno kunagwa chiperoni sabata yathunthu. Mvula yowaza ija inkalowa m'mipata ndi mphepo n'kumanyowetsa mulu wa zitsononkho. Bambo anachita chimene manja awo akhala akuchita zaka makumi atatu akaona uvuni ukupuma. Anakumba dothi la pachulu, analiponda, n'kumata.

Ndinaona khomalo Loweruka pa 13 Julayi. Tsiku limenelo kunabwera alendo awiri ochokera ku koleji ina ya ku Blantyre, bambo wina ndi mayi wina, ndi makina oyezera gasi. Ananditenga pamsewu ndipo tinafika limodzi. Tinapeza bambo atavala jekete yawo ya kutchalitchi, amayi atasesa bwalo lonse, azimayi oyandikana nawo atakhala pamphasa. Mipata yonse isanu ndi itatu inali itatsekedwa, yosalala ngati mbiya yatsopano. Anali atamatanso pansi pa malata, pomwe ngakhale mmisiri sanafikepo.

"Mwaona, aphunzitsi?" anatero bambo, akumenya khomalo ndi chikhatho. "Muno ngakhale nyerere iyambe yapempha chilolezo."

Anthu onse anaseka. Ine ndinamwetulira.

Tinayeza gasi panja, papaipi yoyesera, chitseko chili chotsekula. Makinawo anaonetsa manambala angapo. Haidrojeni anali 24 pa 100 alionse. Pansi pake panali kaboni monokisaidi, 17. Ndinaona onse awiri, koma mokweza ndinawerenga woyamba yekha.

"Ndi zambiri zimenezo?" anafunsa bambo.

"Ndi zambiri, bambo."

"Ndiye takhoza, eti? Mulembe kuti mphunzitsi wamkulu ndi ineyo, a Ezekiele, a Sitandade 4."

Pokwera galimoto, mayi uja anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti kanyumbako kakufunika mpweya. Ndinamuyankha kuti ndikudziwa ndipo ndikonza.

Mundifunsa kuti bwanji sindinanene pomwepo. Inenso ndadzifunsa, ndipo yankho limene ndapeza silindikhutitsa. Mukudziwa mmene tinaleredwera. Mwana sadzudzula bambo ake pagulu, makamaka mwana wamkazi, pamaso pa alendo ndi pamaso pa amayi ake. Ndinati ndidikire alendo apite. Atapita, anthu sanabalalike mpaka dzuwa linapendeka. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, bambo anaima pansi pa mtengo wa manachesi akufotokozera madoda anzawo za makina a alendo, akukweza zala kuonetsa manambala. Sindinawaonepo atakondwa chotero kuyambira pamene anawalanda njinga ija. Kuwauza kuti agumule kukanafuna kuti ndiwauzenso chifukwa chake, ndipo chifukwa chakecho chikanaulula kuti ndinawanamiza kuyambira tsiku lomanga. Ndinaganiza zoti Loweruka lotsatira ndidzagumula ndekha, n'kuika timalata topendekera pamipatayo kuti mvula isamalowe, ndipo palibe amene adzachite manyazi.

Masana a Lamulungulo ndinangonena kuti, "Bambo, mukamagaya chitseko chizikhala chotsekula."

"Ndamva, aphunzitsi."

Ndinawapatsa lamulo lachitatu lopanda chifukwa chake, pomwe awiri oyamba aja anali ndi zifukwa zimene ankazidziwa bwino. Lolemba m'mawa ndinakwera kabaza kubwerera ku Lisungwi.

Lachiwiri chiperoni chinabweranso. Cha m'ma teni koloko, a Enelesi, akazi a malemu a William aja, anabwera ndi chimanga chawo n'kupeza chitseko chotseka, injini ili chete. Anaodira katatu. Atakankha chitseko anapeza bambo atagona pakati pa mgolo ndi mulu wa zitsononkho, chivundikiro cha mgolo chili pansi. Zimene zinachitika n'zosavuta kuzitsata. Mvula inkawazira pakhomo, bambo anatseka kuti zitsononkho zisanyowe. Anazimitsa injini kuti awonjezere zina. Injini ikasiya kukoka, gasi amatulukira pamwamba. M'kanyumba kamipata isanu ndi itatu akanamva mutu pang'ono basi. Nkhuku ya amayi imene inkafungatira pakona inapezeka itafa pamazira ake. A Enelesi anawakoka miyendo mpaka panja, ndipo iwonso mutu unawapweteka tsiku lonse. Sakudziwa kuti akanaima mmenemo n'kumawagwedeza, tikanapeza anthu awiri.

Anathamangira nawo kuchipatala chaching'ono cha pa Ligowe pano, ndipo ambulansi inawapititsa ku boma. Ine uthenga unandipeza m'chipinda cha mayeso, ndinafika masana. Dokotala ndinamuuza zonse, dzina la mpweya, kukula kwa kanyumba, nthawi imene ndinkaganiza kuti anakhalamo. Ndinamuuza m'Chingerezi, amayi ataima pambali panga atagwira chitenje pakamwa. Anawaika pa okosijeni nthawi yomweyo.

"Akuti chiyani adokotala?" anandifunsa amayi.

"Akuti akufunika mpweya."

Limenelinso silinali bodza, achimwene. Ndaona kuti munthu akhoza kunamiza banja lonse osanenapo bodza looneka.

Anatsitsimuka mawa lake. Patatha masiku asanu ndi limodzi tinabwera nawo kunyumba akuyenda okha, akuseka anamwino kuti phala lawo n'lopanda mchere. Amayi anakapereka chithokozo kutchalitchi. Chigayo ndinachikhoma ndi loko n'kunena kuti injini yafa. Koma ine ndinali nditawerenga kuti ena mwa anthu opuma mpweya umenewu amadzuka bwinobwino, kenako pakatha masabata awiri mpaka asanu ndi limodzi ubongo umayamba kufooka. Ndinkawerenga masiku pakalendala ya kusukulu, osauza munthu.

Tsiku la makumi awiri ndi atatu chigwereni, bambo anapita kudimba n'kulephera kubwerera. Anawapeza ataima pamphambano ya pafupi ndi mjigo, njira imene ayendamo chibadwire, akudikira munthu woti amufunse. Kenako mayendedwe anasintha, akukoka mapazi ngati avala nsapato za wina. Manja amanjenjemera akagwira kapu. Munthu amene sankalola nkhani kudutsa osaithira nthabwala tsopano akhoza kukhala pakhonde m'mawa wonse osayankhula. Masiku ena amanditcha Margret, dzina la azakhali athu amene anamwalira ine ndili wakhanda.

Kumapeto kwa Ogasiti ndinapita nawo ku Blantyre ndipo anawajambula mutu. Dokotala wa kumeneko anali wachifundo ndi wosabisa. Ananena zomwe ndinali nditawerenga kale: palibe mankhwala obwezera zimene zawonongeka, ambiri amayamba kupezako bwino chaka chisanathe, ena sapezako, ndipo palibe njira yodziwira kuti bambo ali mbali iti. Ndinamufunsa ngati pali chimene ndingachite. Anati ndiziwayendetsa, ndiziwalankhulitsa, ndidikire. Ndawerenga chilichonse chimene foni yanga ingatsegule. Ndikudziwa dzina la mbali ya ubongo imene inavulala, ndikhoza kuijambula pabolodi. Zimenezo sizindithandiza m'mawa pamene ndikuwamanga mabatani a malaya.

Amayi akukhulupirira kuti ndi kuthamanga kwa magazi ndipo asiya kuthira mchere m'ndiwo. Ena m'mudzimu akunong'ona kuti ndi anthu ansanje, poti chigayo chinkayenda pamene zina zaima. Azimayi a kutchalitchi amabwera Lachinayi kudzapemphera, ine n'kuwayalira mphasa. Za nkhuku ija amayi amati inafa ndi mantha itaona bambo atagwa. Ndikamva zonsezi ndimakhala chete, ine amene m'kalasi sindilola mwana kunena chinthu chopanda umboni.

Sabata yatha bambo anadzuka mutu uli bwinoko n'kupempha kuti ndipite nawo kuchigayo. Ndinawagwira mkono, tinayenda pang'onopang'ono. Sanafunse za mgolo kapena injini. Anaima panja n'kuyamba kusisita khoma, pamalo pamene panali mpata woyamba, kenako wachiwiri.

"Anamata apa ndani?"

"Ndinu, bambo."

"Ine?" Anayang'anitsitsa, n'kukanda ndi chikhadabo. "Dothi la pachulu ili. Kodi ndinamata bwino?"

Ndinayang'ana khomalo. Padutsa miyezi iwiri, mvula yawaza, dzuwa la Sepitembala lawomba, koma palibe mng'alu ngakhale umodzi.

"Munamata bwino, bambo."

Anagwedeza mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri nkhope yawo inamasuka. Kuyambira tsiku limenelo amandifunsa funso lomwelo tsiku lililonse, nthawi zina kawiri, ndipo ndimawayankha chimodzimodzi. Kawiri konse ndanyamula hamala kuti ndikagumule mipatayo, kawiri konse ndabwerera nayo. Alendo a ku koleji aja anditumizira uthenga kuti akufuna kubwera ndi ophunzira awo kudzaona mmene tinafikira pa 24. Sindinawayankhe.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, musadikire Disembala. Lamulungu lapitali mutalankhula nawo, munandiuza kuti akumveka bwino, poti ankayankha kuti eya, eya. Foni itadulidwa anandifunsa kuti anali ndani. Nditawauza, anati Benedict sangaimbe foni, ali kusukulu. Koma masana ake, tikusenda nandolo, ananena okha kuti, "Benedict amakonda wamuwisi, ku Joni kulibe ameneyu." Ndiye mukadalimo, achimwene, koma mumalowa n'kutuluka. Sindingakulonjezeni kuti pofika Khirisimasi mudzakhala mukadalimo. Mwina adzakhala atachira n'kumatiseka tonse. Sindikudziwa, ndipo amene anaphunzira kuposa ine sakudziwanso.

Chachiwiri, ndikufuna mudzakhalepo pamene ndikuuza amayi. Ayenera kudziwa, ndipo ayenera kumva kwa ine, m'Chichewa. Ndayesa katatu tili awiri kukhitchini, koma ndalephera. Sindikupempha kuti mudzandiikire kumbuyo. Mudzangokhala pampando pomwepo, kuti akadzafuna munthu woti amuyang'ane asadzapeze ine ndekha. Ngati mwakwiya, kwiyani, muli ndi chifukwa. Koma mukaimba Lamulungu musadzaonetse, pakuti khutu lawo lidzakhala pafoni.

Amayi akupereka moni kwa inu, kwa alamu ndi kwa adzukulu awo. Apatsira a Mailesi nandolo ndi kathumba ka ufa, ndipo akuti pepani, ufawo ndi wa chigayo cha eni, si wofewa ngati wa bambo anu. A Enelesi akuti moni, ndipo mukamabwera musawaiwale, ngakhale kampango kokha. A Gerishon amafunsa za inu nthawi zonse ndikapita ku boma.

Bambo ali pakhonde pano pamene ndikumaliza. Ndawauza kuti ndikulembera Benedict ndipo ndawafunsa ngati ali ndi mawu. Ndinaganiza kuti aiwala funsolo. Kenako anati:

"Umuuze kuti kuno tili bwino, chigayo chikuyenda. Akabwera adzaone khoma."

Ndalemba monga ananenera.

Ndine mlongo wanu,
Tisungeni.